Kalata ya bambo wa ku Mufakose: pasipoti usaisiyire dobadoba

Mtsikana wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, wapeza malo pa yunivesite ku Pretoria, m'dziko la South Africa, ndipo bambo ake amulembera kalata ya malangizo. Za mowa ndi anyamata angozikhudza m'mizere iwiri. Kwina konseko ndi nkhani ya mapepala.

Bambowa ndi mwana wa tchona amene anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, choncho mapepala amawadziwa kuwawa kwake. Mu 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, ndipo ana a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapatsidwa miyezi 6 kuti akane unzika wa maiko a makolo awo, maiko amene ambiri anali asanapondeko n'komwe. Ku Mbare, Highfield ndi Mabvuku mabanja ochuluka anatsala ndi zitupa za chilembo cha A, chosonyeza mlendo, ndipo kuvota kapena kutenga pasipoti kunawavuta. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Komabe chitupa sichisintha chokha. Mwini wake amayenera kukaima pamzere ku ofesi ya Registrar General, ndipo okalamba ena mpaka pano sanapiteko.

N'chifukwa chake kalatayi ikuyamba ndi dzina. "Mwana wanga, uonetsetse kuti dzina lako lalembedwa chimodzimodzi pa setifiketi yobadwira, pa chitupa, pa pasipoti ndi pa kalata ya kusukulu. Chilembo chimodzi chikasiyana, akubweza."

Bambowa sakunyoza onse othandiza anthu pa za maviza, ndipo apa aganiza bwino, chifukwa mafomu ake ndi osokoneza. Akungomuuza mosiyanitsira. Mlangizi weniweni ali ndi ofesi, amapereka lisiti, ndipo amanena poyera kuti wovomereza kapena kukana ndi a Home Affairs a ku South Africa. Dobadoba amalonjeza viza pa WhatsApp, amati ali ndi munthu wake m'kati, kenako amapempha pasipoti. Pempho la viza ya sukulu limaperekedwa ku ofesi yolandira mapempho a maviza ya VFS Global mu Harare momwemo, wophunzirayo atapita yekha, atanyamula kalata ya yunivesite, umboni wa ndalama, chikalata cha kupolisi ndi inshuwalansi ya chipatala yovomerezeka ku South Africa. Pepala lililonse lolowa m'fayilo aliwerenge yekha, poti likapezeka labodza wolangidwa ndi mwini dzina. Amukumbutsa za ku Canada mu 2023, pamene ophunzira ambiri ochokera ku India anatsala pang'ono kuthamangitsidwa chifukwa cha makalata abodza a sukulu amene anawakonzera ma ejenti.

Pa za abale alankhula mosapsatira. Asalonjeze mlongo wake kuti adzamuitanitsa, chifukwa viza ya sukulu si yotengera banja lonse, ndiponso malamulo amasintha munthu ali kale m'njira. Ku Britain, kuyambira March 2024 osamalira okalamba ochokera kunja analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, pamene ena a m'makomboni a Harare anali atagulitsa kale katundu kuti alipire ma ejenti. Ngakhale anthu a ku Zimbabwe pafupifupi 178,000 a chilolezo chapadera cha ZEP chokhalira ku South Africa akhala zaka zambiri akudikira kumva ngati chiwonjezeredwe.

Za ganyu amulola, bola asapyole maola 20 pa sabata amene viza yake ikuloleza.

Kalatayi yatha ndi chenjezo la masiku. Wopyola tsiku lothera viza amatha kuletsedwa kulowanso m'South Africa kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndipo chidindo chake amachimenya pa chipata cha m'malire cha Beitbridge pomwepo. "Tsikulo ulilembe pakhoma la chipinda chako," atero bambowa, "ndipo pempho lowonjezera ukalipereke kusanatsale masiku 60."