Magitala a ku Chitungwiza

M'chaka cha 2012 mayi anga adandituma ku Zimbabwe kuti ndikatenge amalume. Sadati ndikawaone kapena kukawapatsa moni ayi, adati ndikawatenge, monga momwe munthu amakatengera mbuzi imene yagona m'khola la eni. Amalumewo adachoka kwathu ku Dedza m'chaka cha 1962 ali mnyamata, kukafuna ntchito m'minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, ndipo chipitire chawocho adangobwerako kawiri kokha, maulendo onse awiri kudzalira maliro. Tsono akuluakulu a pamudzi adali atatha, mbumba idali kusowa mwini. Milandu ya malire a minda inkagona osaweruzidwa, ndipo alongo anga ankakwatiwa popanda nkhoswe yeniyeni. "Ukawauze kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka," adatero mayi pondiperekeza.

Ndidakwera basi ku Blantyre m'mamawa. Tidatulukira pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kufika mu Harare kunja kutada. M'mawa mwake ndidakwera minibasi, imene iwo amati kombi, kupita ku Chitungwiza, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa Harare. Kumeneko n'kumene kumagona anthu ambiri ogwira ntchito mu Harare, ndipo n'kumenenso amalume adamanga banja atasiya ntchito ya m'mafamu n'kuyamba utelala.

Ndidawapeza pakhonde akupalasa makina osokera, tsitsi lili mbuu. Uthenga wa mayi adaumva modekha, osadula mawu, manja ali pamawondo. Nditamaliza adati, "Ndamva, mphwanga. Koma mlendo sayankhidwa tsiku lofika. Loweruka tili ndi ulendo, ndipo yankho lako ndidzakupatsa Lolemba."

Ulendo wa Lowerukawo udayambira ku Mbare, dera lakalekale la anthu akuda, kumene kuli msika waukulu ndi pokwerera mabasi opita madera onse a dzikolo. Amalume sadandionetse nyumba zosanja za pakati pa mzinda monga ndinkayembekezera. Adanditengera ku bwalo la mpira la Rufaro n'kuima panja pake ngati munthu amene wafika pamanda a mfumu. Pabwalo limeneli mpamene Bob Marley adaimba mu Epulo 1980, pa chikondwerero cha ufulu wa dzikolo, ndipo mpamenenso Paul Simon adaimba m'chaka cha 1987 pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi gulu la Ladysmith Black Mambazo. Kuchoka apo tidapita ku Highfield, kumene Oliver Mtukudzi adabadwira m'chaka cha 1952. Adandilozera hotela ya Mushandirapamwe, imene magulu ambiri oimba adatchukirapo, nandiuza za Thomas Mapfumo, yemwe adatenga kaliridwe ka mbira, chida chopatulika cha Ashona, n'kukaika pa magitala a magetsi. Nyimbo zakezo, zotchedwa chimurenga, zidalimbikitsa anthu pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, mwakuti boma la atsamunda lidamutsekera m'ndende.

Kunena zoona, ine zonsezi ndinkazimvera m'khutu limodzi. Ndinkaona ngati nkhalamba ikungozengereza kuti isayankhe mlandu. Koma ngakhale ndidali wonyinyirika, chinthu china sindidalephere kuchiona: paliponse pamene tinkadutsa, pazipupa, pamitengo ndi pamapolo a magetsi, padali mapepala olengeza gulu limene liimbe Lachisanu, limene liimbe Loweruka ndi limene liimbe Lamulungu masana. Kwathu phwando la zoimbaimba ndi nkhani imene anthu amaiyembekezera mwezi wathunthu. Kumeneku lidali ngati tsiku la msika.

Usiku tidapita ku Aquatic Complex, malo amene adamangidwa ku Chitungwiza komweko chifukwa cha masewero a mayiko a mu Africa a m'chaka cha 1995, koma pambuyo pake adadziwika kwambiri ndi zoimbaimba. Woimba adali Alick Macheso ndi gulu lake la Orchestra Mberikwazvo. Anthu adali ochuluka ngati nyerere: amayi a pamsika, makondakitala, aphunzitsi, anyamata ovala zothina, ndi nkhalamba zonga amalume zitavala majekete a kutchalitchi.

Mtundu wa nyimbo zimene Macheso amaimba umatchedwa sungura, liwu la Chiswahili lotanthauza kalulu. Dzinali n'loyenera ndithu, pakuti nyimbo zake zimathamanga ndi kudumphadumpha ngati kalulu amene agalu am'tulukira. Gwero lake ndi rumba ya ku Congo ndi nyimbo za magitala za ku Kenya ndi Tanzania, zimene oimba a ku Zimbabwe adazisakaniza ndi magule a kwawo. Kamangidwe kake nkotere: nyimbo imayamba ndi mawu, kawirikawiri malangizo a m'banja kapena madandaulo a munthu wosauka. Mawu akatha, pamene ife tingati nyimbo yatha, mpamene iwo amati yayamba. Magitala atatu amayamba kuyankhana, lina lokwera, lina lapakati, lina la besi, lililonse ndi njira yake, koma osapondana, ndipo amatha kutero mphindi khumi kapena kupitirira. Zimenezi wailesi siingazipereke mokwanira. Uyenera kukhalapo, besi n'kumakugunda m'chifuwa.

Ndidakula ndikudziwa kuti woimba besi amaima kumbuyo, pafupi ndi ng'oma, wosadziwika ndi dzina lomwe. Macheso adatembenuza mwambo umenewo. Iye ndiye mtsogoleri wa gulu, woimba mawu, ndiponso mwini besi, ndipo besi yakeyo amailiza ngati ikuyankhula, pena ndi zala, pena ndi chigongono, pena ndi phazi. Ovina ake adavina gule wotchedwa Borrowdale, amene amatsanzira kathamangidwe ka akavalo. Borrowdale ndi dera la anthu olemera mu Harare kumene kuli bwalo la mpikisano wa akavalo, ndipo ine zidandiseketsa kuti amphawi amene sangagule kavalo adangotenga miyendo yake n'kupita nayo kwawo.

Pakati pa usiku gulu lidayamba nyimbo ina, ndipo ndidadzidzimuka pomva kuti mawu ake ndikuwamva onse. Idali nyimbo yotchedwa "Mundikumbuke", ya m'chimbale cha Simbaradzo chimene chidatuluka m'chaka cha 2000. Chichewa, pakati pa dziko la eni! Ndipo sikuti ankaimba ndi Macheso yekha. Khamu lonse lija, Ashona amene mwina sadapondeko pa Malawi, linkaimba nawo mokweza, mawu ena likuwapotoza pang'ono monga achitira mwana wophunzira kuyankhula. Nditacheuka ndidaona amalume ataimirira, chipewa chili m'manja, sakuvina, sakuimba, angoti duu.

Tanthauzo la kuima kwawoko adandifotokozera pobwerera, kum'mawa kutayamba kufiira, pakuti zoimba za kumeneko zimachezera usiku wonse, mchezo umene eni ake amautcha pungwe. Macheso adabadwira ku Shamva m'chaka cha 1968, m'banja la anthu ogwira ntchito m'mafamu limene mizu yake ili ku Malawi. Luso lake lidakhwimira m'gulu la Khiama Boys la Nicholas Zakaria, yemwenso adali mwana wa mtchona ndipo ankaimba nyimbo zina m'Chichewa. Ana a m'mafamu oterewa adakula akunyozedwa. Anthu ankawatcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndipo sankatchula dzinalo mwaulemu. Ankaseka kayankhulidwe kawo, ankaopa gule wamkulu wawo amene kumeneko amati zvigure, ndipo ankati ndi anthu opanda mudzi. Boma litayamba kulanda mafamu a azungu m'chaka cha 2000, ambiri a iwo adataya ntchito ndi pokhala pomwe. Lamulo la unzika la m'chaka cha 2001 lidachititsa kuti ambiri obadwira komweko ayesedwe alendo, osaloledwa kuponya voti, ndipo zimenezi zidadzayamba kukonzeka ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko a m'chaka cha 2013, ine nditabwerako kale.

"Zaka zambiri, mphwanga, m'basi ndinkangokhala chete," adatero amalume. "Ndikatsekula pakamwa ankadziwa kumene ndidachokera. Ana anga omwe ankachita manyazi ndikamawayankhula Chichewa pagulu. Lero wadzionera wekha. Anthu omwewo alipira ndalama pakhomo kuti aimbe chiyankhulo cha amayi anga."

Kuyambira tsiku limenelo ndimaseka ndikamva anthu akuyeza mzinda wa zoimbaimba poona kukula kwa mahotela ake kapena kuchuluka kwa alendo odzaona malo. Harare adali nacho chikondwerero chachikulu cha zaluso chotchedwa HIFA, chimene chidayamba m'chaka cha 1999 n'kumakoka oimba a m'mayiko akutali, ndipo sindikuchinyoza. Koma chikondwerero ndi cha sabata imodzi. Chimene chidapatsa mzindawo moyo ndi anthu wamba a ku Mbare, Highfield ndi Chitungwiza, amene sabata ndi sabata amapatula kangachepe pa ndalama ya ndiwo kuti akamve magitala, ndipo woimba akalakwitsa amadziwa. Omvera otere ndiwo amasula oimba. Palinso chifukwa china chosakondweretsa: anthu okopera nyimbo mwakuba adapha malonda a zimbale, kotero kuti woimba amene safuna kugona ndi njala ayenera kukwera pansanja kangapo pa sabata. Kukoma kumene mlendo amakumva kumachokera m'thukuta la anthu amene alibe podalira pena.

N'chifukwa chake mnyamata wokonda gitala akandifunsa ngati kuli koyenera kupita ku Harare, ndimati pita ndithu, ukamve, ndipo ukafikenso ku Norton kumene Mtukudzi adatsekula malo ophunzitsira achinyamata zaluso a Pakare Paye m'chaka cha 2003, amene adatsala ngati chikumbutso chake iye atamwalira mu Januwale 2019. Koma akandifunsa zosamukirako, ndimayamba ndakanda m'mutu. Ndidaona anyamata aluso lodabwitsa akuliza magitala obwereka, akuyenda pansi mbandakucha chifukwa chosowa ya kombi. Pa Macheso mmodzi pali ambirimbiri amene maina awo sadzalembedwa pa pepala lililonse la pachipupa.

Lolemba lidafika. Amalume adandiitanira pakhonde pomwe paja, akazi awo ndi ana awo akuluakulu ali pomwepo, naayankha m'Chichewa chosasakaniza kuti onse amve. Adati udindo wa mbumba aupereka kwa mng'ono wawo wa kwa agogo aang'ono, ndipo adalemba kalata yotsimikiza zimenezo. Adati kumudzi adzabwera kudzacheza, koma kudzakhala ayi, pakuti adzukulu awo ali ku Chitungwiza, manda a mwana wawo woyamba ali komweko, ndipo dera limene munthu wapirira nalo zaka 50 salithawa pamene layamba kum'dziwa. Ndidayesa kubwereza mwambi wa mayi uja. Adangomwetulira, nati njoka imene yakalambira m'munda wa eni imadziwa una uliwonse wa m'mundamo.

Pokwera basi adandipatsira nsalu ziwiri, diresi limene adasoka okha usiku, ndi chimbale cha Simbaradzo, zonse za mlongo wawo. Mayi adakwiya masiku atatu. Nsalu adalandira, diresi adaliika m'sutikesi osaliyesa, ndipo chimbale chidakhala pawindo mpaka chidachita fumbi. Tsiku lina madzulo ndikuchokera kudimba ndidamva besi ikugunda m'nyumba. Mdzukulu wawo adali atabwereka wailesi ya aphunzitsi, ndipo mayi adali pamkeka akusankha nyemba, atavala diresi lija. Nyimbo ya Chichewa ija itatha, sadadzutse mutu. Adangoti, "Tabwezanso imeneyo."