Galasi la amalume ndi galasi la makono

Pafupifupi nyumba iliyonse kuno kwa Mkanda ili ndi chithunzi chakale chopachikidwa pakhoma: abambo atavala jekete, amayi atanyamula mwana, onse ali nji ngati asilikali. Zithunzi zoterozo ankajambula ndi anthu ngati amalume anga, omwe ankazungulira midzi pa njinga, kamera ya Zenit ili pakhosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo ikadzadza ankapita nayo ku Lilongwe kukatsukitsa. Munthu unkadikira masabata, mwinanso n'kumva kuti chako chinapsa.

Filimu inasowa, Zenit ija inalowa m'sutikesi. Amalume anagula Canon ya dijito yakaunjika, yokhala ndi galasi lake lolembedwa 18-55mm. Koma galasi la pa Zenit sanalitaye. Dzina lake ndi Helios 44-2, ndipo pathupi pake palembedwa USSR, dziko lomwe linaphwasuka mu 1991. Taganizani, dziko linatha koma galasi likugwirabe ntchito! Limamangidwa mopotokola ngati chitsekero cha botolo, choncho pa Canon silikhala lokha. Mnzawo wina anawabweretsera kamphete kachitsulo kuchokera ku Chipata kolumikizira ziwirizi.

Holide yapitayi ndinkawanyamulira chikwama, ndiye magalasi onsewa ndawagwira ndi manja angawa.

Latsopanolo ndi lapulasitiki, lopepuka, ndipo limadzifunira lokha pomwe pali munthu. Ukangodina, basi zatheka. Ukafuna anthu ambiri umalipotokola n'kulowetsa kwaya yonse ya mpingo. Pa mpira kapena pa ukwati pamene anthu akuvina pelekanipelekani, palibenso zokambirana.

Lakalelo ndi nkhani ina. Ndi lachitsulo, lolemera, ndipo silidziwa kanthu. Umazungulitsa wekha ndi zala mpaka maso a munthuyo aoneke bwino, akangosuntha pang'ono wayambiranso. Silikoka chinthu kapena kuchikankha, lili pa 58mm pomwepo, ndipo pa kamera ya amalume limaona mopanikiza moti kuti munthu akwane yense umabwerera m'mbuyo mpaka kugwera m'mizere ya mtedza. Ukaliloza kudzuwa, chithunzi chimayera ngati mwathira phulusa. Nyengo yamvula limafuna kusamala kwambiri, chifukwa likagona pachinyontho mkati mumamera nkhungu ngati ukonde wa kangaude.

Nanga amalisungiranji? Kamwa lake limatseguka kwambiri. Ojambula amati limafika pa f/2, pomwe latsopano ukalikoka mpaka pa 55mm limathera pa f/5.6. Amene mumakonda Fizikisi werengani: kuwala kolowa kumachuluka kasanu ndi katatu. Madzulo, kapena m'kalasi mwathu muja mopanda magetsi, latsopano limafuna fulashi yomwe imawalitsa zipumi ngati tadzola mafuta ophikira. Lakale limajambula ndi kuwala kwa pazenera basi.

Komanso kumbuyo kwa munthu limakusungunula. Tinawajambula agogo atakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndi latsopano zonse zinaoneka: agogo, nkhokwe, mbuzi, ngakhale kabudula wa mng'ono wanga ali pachingwe. Ndi lakale panatsala agogo okha, makwinya onse ndi mphini zawo, masamba kumbuyo atazungulira ngati kamvuluvulu. Agogo anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Koma ndiye ndakalamba eti." Chimenecho ndi chomwe anasankha kuti chitsukidwe.

Ena a inu munena kuti foni imachitanso zomwezo. Imayesa, inde, koma imachita kuganizira ndi kompyuta yake. Taonetsetsani zithunzi zanu za pa WhatsApp, mupeza khutu ladyedwa kapena mesh yasungunukira limodzi ndi mpanda. Komabe mafoni omwewo ndi amene awalanda amalume makasitomala. Masiku ano amadalira maukwati ndi tizithunzi ta ma ID. Iwonso maso ayamba kuchita chidima, moti galasi lakale likuwavuta kulunjika, ndipo akhala akunena zoligulitsa. Ine ndinawapempha kuti adikire kaye, ntchito yozungulitsayo ndizigwira ndine.

Ndiye a Fomu 4, tikamaliza MSCE tibwera nawo onse awiri. Cha gulu tijambula ndi latsopano, chifukwa ndikukudziwani, simungaime phee. Wofuna chake chayekha ndi lakale abwere cha m'ma 4 koloko dzuwa litapendeka, tikaime pamthunzi kuseri kwa laibulale, ndipo ndikati musagwedezeke, musagwedezeke ndithu.