Dzino lachitsulo lidandigwedera popanda ululu

Ambirife timapita kwa dokotala wa mano pokhapokha dzino likatisowetsa tulo. Ineyo chizolowezi chimenechi chandiluzitsa dzino lomwe ndidaligula ndi thukuta la ku Joni.

Mu 2017, ndikugwira ntchito ku Johannesburg, dzino langa lakutsogolo lidaguluka pa ngozi ya minibasi. Abwana anga adandithandiza theka la ndalama kuti andiike la mtundu wa implant. Si mano ovula pogona aja ayi. Amaboola fupa la nsagwada n'kulowetsamo kachitsulo ka titanium kokhala ngati sikuluwu, n'kudikira miyezi 3 mpaka 6 kuti fupa likagwire, kenako amamangirira dzino pamwamba pake. Munthu woyamba kuikidwa dzino mwanjirayi adamuika dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, mu 1965.

Ndidabwerera kumudzi ndikumwetulira paliponse, ngakhale pamaliro. Adandiuza kuti ndisiye fodya komanso ndizikaonetsa dzinolo chaka chilichonse, koma mumtima ndidati kodi chitsulo chimawola?

Chitsulo sichiwoladi. Chimene chimadwala ndi nkhama ndi fupa lozungulira. Chaka chatha ndidayamba kuona magazi pa mswachi. Ndidangoti mswachiwo ndi wolimba, ndikugula wina. Kenako nkhama idafiira n'kutupa, ndipo ndikaidinikiza ndi chala pamatuluka timafinya. Tsiku lina mayi akunyumba adandiuza monong'ona: "Bambo a Chisomo, musakhumudwe, koma m'kamwamo simuli bwino." Ndidakhumudwabe. Kuchipatala sindidapite, chifukwa silimapweteka.

Apa ndi pomwe pali msampha. Dzino lachibadwa lili ndi mtsempha womwe umalira zinthu zikavuta. Lachitsulo lilibe. Fupa limatha pang'onopang'ono iwe ukudya chimanga chootcha osadziwa kanthu. Ndidadzidzimuka litagwedera ndikuluma nzimbe.

Dokotala yemwe ndidakamuona ku Blantyre adayamba wayesa ngati changomasuka ndi kasikuluwu kogwira dzino lapamwamba, poti zikatero amangomanganso basi, mphindi zochepa. Mwayi umenewo sudali wanga. Chithunzi cha X-ray chidaonetsa kuti fupa ladyeka mozungulira ngati mtengo womwe madzi aukumba kunsi. Matendawa amati peri-implantitis. Amayamba ndi tizilombo tomwe timakhala mu litsiro lomatirira m'mphepete mwa nkhama, ndipo amakonda anthu osuta fodya, odwala shuga yemwe sakusamalidwa bwino, ndi omwe adadwalapo nkhama kale. Kukukuta mano kutulo nakonso kumalemetsa chitsulocho. Ine ziwiri zidandipeza: fodya, ndi shuga yemwe ndidamudziwira tsiku lomwelo.

"Bambo, mukadabwera magazi atangoyamba, tikadangotsuka pansi pa nkhama n'kukupatsani mankhwala ochukucha m'kamwa," adatero dokotalayo. Fupa likayamba kudyeka amang'amba nkhama, kupala chitsulocho, nthawi zina n'kuwonjezerapo fupa lina. Koma chitsulo chenichenicho chikagwedera, palibenso china koma kuchichotsa.

Adachichotsadi. Akuti china chingathe kuikidwa pakapita miyezi ingapo, fupa likapola, shuga akatsika, ndiponso ndikasiya fodya. Fodyayo ndasiya, uno ndi mwezi wachinayi. Ndalama ndiye sindikudziwa kuti zichokera kuti, poti abwana a ku Joni aja kuno kulibe. Pakali pano ndikuvala dzino lovula pogona lomwe ndinkalinyoza lija, ndipo kachitsulo kaja kali m'kabokosi ka machesi pawindo.