Ulendo wa ku Minda ya Tiyi: Kodi Mlendo Agone Kuti?

Ambiri a ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mbale amene anapita kukagwira ntchito ku minda ya tiyi ya ku Thyolo. Wina ndi kalaliki, wina amayendetsa thirakitala, wina ndi mlonda, ndipo wina amathyola tiyi weniweniyo. Tsiku limafika loti tikamuone, kaya pa ukwati, kaya pa matenda, kaya kwabadwa mwana. Ulendo wotere sukhala wa sabata yathunthu ayi. Ndi wa masiku awiri kapena atatu, ndipo nkhani imene imavuta pa khomo tisananyamuke ndi yakuti tikafika kumeneko tikagona kuti.

Munthu wochokera ku Mangochi amadzera pa Liwonde, nadutsa mu Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino mpaka chaka cha 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, kenaka nkutsikira mu Limbe. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo chifukwa cha kuimaima kwa minibasi amafika dzuwa litapendeka, msana ukuwawa, ana akulira. Apa ndi pamene Limbe amakopa mlendo. Mizikiti ilipo, adhana ikumveka, mabutchala ndi malo odyera a halaal sasowa, ndipo nyumba zogona alendo zilipo za mitengo yosiyanasiyana. Bambo amangoti, tiyeni tigone pompano, ku Thyolo tizipita m'mawa ndi kubwerako madzulo, pajatu ndi pafupi.

Pa mapu ndi pafupidi, makilomita osakwana 40 kukafika pa boma kudzera pa Bvumbwe. Koma abale anga, mapu sadziwa kuti minibasi sinyamuka isanadzaze, sadziwanso kuti esiteti si pa boma. Mukatsika pa msewu waukulu pamatsala ulendo wina wa kabaza kapena wa pansi, kukwera ndi kutsika zitunda pakati pa tiyi, ndipo ngati mbale wanuyo ali cha ku Makwasa, kufupi ndi chipatala cha Malamulo, ndiye kuti mutembenukiranso kum'mwera mtunda wina wautali. Mudzafika pa khomo pake iye atapita kale ku ntchito, chifukwa ku esiteti ntchito imayamba m'mamawa. Pamene iye akuweruka, atayezetsa masamba ake pa sikelo, inu mudzakhala mukuyang'ana dzuwa, kuopa kusowa galimoto yobwerera ku Limbe. Motero mwalipira ulendo kawiri tsiku lililonse, banja lonse, koma munthu amene munamudzera mwakhala naye ola limodzi. Ine ndikuona kuti pa ulendo waufupi chinthu chodula kwambiri ndi madzulo, nthawi yokhayo imene wantchito amakhala pansi nkucheza, ndipo wogona ku Limbe amataya madzulo onse.

Limbe ali ndi malo ake ndithu. Ngati muli ndi agogo ofooka, kapena mwafika usiku, gonani kumeneko tsiku loyambalo. Ngatinso ulendo wagwera Lachisanu, konzani kuti Swala ya Ijumaa ikupezeni komwe mukudziwa kuti kuli mzikiti. Kwathu ku Mangochi anthu 7 mwa 10 aliwonse ndi Asilamu, malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo tinazolowera kuti mzikiti uli kuseri kwa nyumba. Ku Thyolo Asilamu alipo koma ndi ochepa, ndipo mizikiti ili patalipatali.

Ena adzati, nanga kuvutikiranji, osangogona kwa mbale wako bwanji? Ndi mwambo wathu, ndipo mwini nyumba sangakane. Akhoza kukhumudwa kumene atamva kuti mwagona kwina. Komabe tiyeni tiganize za nyumbayo. Nyumba za antchito za m'maesiteti zambiri ndi zazing'ono, za chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo ndi za kampani, osati zake. Amene amakhala m'midzi yozungulira nawo alibe bwalo lalikulu ngati la kunyanja. Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000 pa malo ochepa, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino linatengedwa kalekale ndi azungu a minda, m'masiku a thangata pamene Alomwe ochokera ku Mozambique ankalipira malo okhala pogwira ntchito kwa mwini munda. Mpaka lero mudzaona chimanga ndi nandolo zitadzalidwa m'mphepete mwenimweni mwa msewu, pamene kutsidya tiyi wayala ngati mkeka wobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Mlendo mmodzi kapena awiri, inde, agone kwa mbale. Koma anthu 6 ndi ana, amuna ndi akazi m'chipinda chimodzi, ufa wa mwezi wonse nkutha m'masiku atatu, pamenepo ulemu wasanduka katundu. Mabanja anzeru amagawana: amayi ndi ana aang'ono kwa mbale, abambo ndi anyamata ku nyumba ya alendo. Ndipo musapite chimanjamanja. Usipa kapena utaka wouma, umene kwathu timauona wamba, kumeneko ndi ndiwo ya ulemu, ndipo mpunga pang'ono umapepuza mayi wa pa nyumba.

Tsono kwa ambiri yankho lili pakati: kugona pa boma pa Thyolo, kapena pa Luchenza ngati esitetiyo ili mbali ya ku Mulanje. Pa boma pali msika, chipatala chachikulu cha boma ndi magalimoto opita mbali zonse. Koma posankha chipinda musathamangire chikwangwani chokongola. Chinthu choyamba kuyang'ana ndi chakuti kodi malowo ali ndi bala. Nyumba zogona alendo zambiri za m'matauni aang'ono zimadalira mowa, ndipo kumapeto kwa mwezi antchito akalandira, phokoso limafika mbandakucha, zipinda nkumalowa anthu amene simungafune kuti ana anu awaone. Lowani, muone chipinda ndi maso anu musanalipire, muyese loko wa chitseko, mufunse ngati madzi amatuluka m'mawa, chifukwa popanda madzi udhu wa Swala ya Subuhi udzakuvutani. Za chakudya, musachite manyazi kufunsa amene anazinga nyamayo. Nkhumba zimawetedwa kwambiri m'midzi ya kumeneko, ndipo pa chiwaya cha pa msika simungadziwe zimene zinakazingidwapo poyamba. Mazira, nyemba, nandolo ndi masamba sizinapweteke munthu kwa masiku awiri.

Chimene munthu wa kunyanja amaiwala nthawi zonse ndi bulangeti. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene minda ya tiyi ili pamwamba kuwirikiza kawiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndipo imatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Mwana wozolowera kugona ndi chitenje chokha amabwerako ndi chifuwa. Nkhunguyo imasokonezanso chibula. Kumwamba kukayera, imani phiri la Mulanje lili ku dzanja lanu lamanja, ndiye kuti mwayang'ana kumpoto, ndipo chibula chili komweko, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa. Chongani khomalo tsiku loyamba nkhungu isanatseke.

Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndiyo imene dziko limakongola koposa, koma ndiyonso nthawi imene masamba amachuluka ndipo antchito sapeza mpata. Misewu ya m'minda imaterera, ndipo amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'maboma a kum'mwera mu Malichi 2023 sangatengere ana m'zitunda zimenezo mvula ikugwa usiku wonse. Ngati ulendo si wa mwadzidzidzi, fikani Loweruka kuti Lamulungu, tsiku limene ambiri amapuma, mukhale limodzi.

Palinso malo ena ogona m'kati mwa minda mwenimweni. Esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anayamba mu 1923, inasandutsa nyumba ya banjalo ya Huntingdon House, yomangidwa mu 1928, kukhala yolandira alendo. Ndi malo a anthu a thumba lolemera, makamaka ochokera kunja, amene amabwera kudzalawa tiyi ndi kuona mbalame za m'nkhalango ya phiri la Thyolo. Mwana wanu wa pa ntchito mu tauni akafuna kukutengerani kumeneko musakane, koma awauziretu za zakudya zanu. Enafe kukongola komweko timakuona ulere pa zenera la minibasi: amayi atabereka madengu kumsana, manja akuthamanga pamwamba pa tiyi kuthyola nsonga zanthete zokhazokha, masamba amene akadutsa mu fakitale ena amakagulitsidwa pa okishoni ya ku Limbe nkukamwedwa ku Britain ndi ku South Africa.

Pobwerera sungani kandalama ka pa Bvumbwe. Kabichi, tomato ndi mapeyala a pamenepo amafika ku Mangochi ali bwino ngati mwasankha osapsa kwambiri, ndipo muuze kondakitala asaike thumba lanu pansi pa katundu wa ena.