Asilikali a M'thupi Akaukira Mwini Wake

M'badwo wathu unaphunzirira pa maliro mawu akuti chitetezo cha m'thupi. Edzi itapezeka m'Zambia mu 1984, makamakanso ma ARV atayamba kuperekedwa ulere, ngakhale agogo a ku Makeni anadziwa kufunsa kuti asilikali a m'thupi atsala angati. Phunzirolo linapulumutsa ambiri, koma linatisiyira chikhulupiriro chakuti chitetezo chimalakwa pokhapokha chikatsika. N'chifukwa chake mabotolo a mankhwala "okweza chitetezo" amayenda malonda m'tauni muno. Ine ndikuti tinaphunzira theka lokha.

Taonani matenda a scleroderma. Apa asilikali sanachepe ayi, asokonezeka. Amavulaza timitsempha ta magazi, n'kumakakamiza maselo kupanga collagen wambiri, ulusi umene thupi limasokera bala, pomwe bala palibe. Mayi akamachapa m'madzi ozizira m'mawa wa mu June, zala zimatuwa n'kuchita dzanzi. Pakapita nthawi khungu limauma gwa, lonyezimira, losatsinika. Zala zimapindika, ndipo milomo imakungika moti mbamu ya nsima imavuta kulowa. Zikafika m'mapapo, munthu amabanika. Matendawa amagwira akazi kuposa amuna, komabe mu 1957 dokotala Erasmus anawapeza mwa okumba golide ku Joni, opuma fumbi la miyala, m'migodi yomwe makolo athu ankapitako pa Wenela. Munthu wodwala scleroderma safunika chokwezera chitetezo, afunika chochiziziritsa.

Wina anena kuti m'dziko la TB ndi HIV, kufooketsa chitetezo ndi methotrexate kapena mycophenolate n'kudziitanira imfa. Manthawo ndi omveka, ndipo n'chifukwa chake dokotala amayamba wayeza matenda amenewa asanapereke mankhwala, n'kumayezabe magazi pambuyo pake. Wina anenanso kuti matendawa ndi osowa, ndiponso alibe mankhwala ochiziratu. Zoonadi, koma matenda amene anthu sadziwa dzina lake amathera kwa sing'anga, salowa m'kaundula wa chipatala. Komanso kusachiritsika si kusathandizika: kuyambira zaka za m'ma 1980, mankhwala monga captopril apulumutsa ambiri amene impso zikanawapha. Chovuta n'chakuti chipsera chikakhazikika m'mapapo sichibwerera. Choncho mayi wa zala zotuwa zija asathe zaka akumwa zokweza chitetezo. Afike ku chipatala cha UTH khungu lake likadatsinika.