USIKU WA WALBURGA PA PHIRI LA BROCKEN

Tinafika ku Wernigerode, mzinda waung'ono wa ku Jeremani, pa 30 April, chisanu chitatha ndi mitengo ilikuphuka. Kumeneko tinakwera sitima yamalasha yopita pamwamba pa Brocken, phiri la mamita 1,141, loposa onse a ku Harz. M'sitimamo munadzaza ana ndi akulu ovala zipewa zosongoka, ena nyanga pamutu, matsache m'manja, onse alikuseka.

Koma makolo ao sanali kuseka ai. Iwo ankati usiku umenewu mfiti ziuluka pa matsache kukavina ndi Satana paphiripo; chifukwa chake ankasonkha moto waukulu, naliza mabelu ndi zikoti, nalemba mitanda pa zitseko za makola. Usikuwo amautcha Walpurgisnacht, potengera dzina la Walburga Woyera, sisitere wa ku England amene analamulira nyumba ya amonke ndi asisitere ku Heidenheim. Iye ndi mfiti panalibe chibale. Kungoti 1 May, tsiku lomkumbukira, ndilo m'mawa mwake.

Pamwamba tinapeza nkhungu yozizira. Taonani chodabwitsa cha phirili: dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu, chithunzithunzi chake chigwa pa nkhungu, nichioneka ngati chimphona chovala utawaleza kumutu. Munthu akakweza dzanja, nacho chikweza. Chimene achiopacho ndi iye mwini.

Mantha otere anapha anthu ndithu. Ku Würzburg ndi ku Bamberg, kuyambira 1626 kufikira 1631, anatentha anthu mazanamazana pa mlandu wa ufiti, ana ndi ansembe omwe. Tisabise: olamula milanduyo anali Aepiskopi, amene analinso mafumu a mizindayo. Koma m'chaka cha 1631 wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Friedrich Spee, anatulutsa buku lotchedwa Cautio Criminalis, osalembapo dzina lake poopa. M'menemo anasonyeza kuti munthu wozunzidwa avomera chilichonse, natchulanso anzake osachimwa kuti ululu uleke.

Potsika usiku tinaona moto ulikuyaka m'midzi, anthu alikuvina osaopa kanthu. Pamenepo mitima yathu inabwerera kwathu, kwa agogo aja amene amalozedwa chala mwana akadwala kapena mvula ikakana. Tsono abale, tisanaloze mnzathu, tiyambe tayang'anitsitsa, kuti kapena chotiopsacho n'chithunzithunzi chathu chomwe pa nkhungu.