ZIMENE TINAONA KU LIMPHASA

Tinafika ku Limphasa, m'boma la Nkhata Bay, nyengo ya dzinja, mpunga utabiriwira dambo lonse. Madzi a m'dambomo amatsikira mu Luweya, mtsinje umene umakathira m'nyanja kumpoto kwa Chintheche, kumene anzathu Atonga amapha usipa ndi kutunga madzi akumwa.

Tsono taonani. Munthu wopanda chimbudzi akapita kuthengo, mvula imakokolola zonyansazo kunka nazo kudooko. Ndimo m'mene kolera imafalira, monga inachitira m'boma limeneli mu 2022. Likodzo nalonso limayenda m'madzi omwewo.

Abale, kumbani chimbudzi pamtunda posafika madzi osefukira, kutali ndi chitsime, ndipo muikepo chivundikiro. Wakumtunda akasamala, mwana wa kunyanja amwa madzi abwino.